Camper yatsitsa kumbuyo kwa Hilux yanga, ndiyambire pati ndisananyamuke ulendo wa kumudzi?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Mulanje amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Alemba motere:

"Zikomo akatswiri. Ndili ndi Toyota Hilux ya double cab, ya dizilo, ya 2017. Mwezi wathawu ndagula camper yogwiritsidwapo kale ntchito, ija yokhala ngati canopy koma denga lake limatukuka n'kukhala pogona. Ndikufuna mu December ndipite kumudzi ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, tikaone makolo, kenako tikazungulire kunyanja mpaka ku Nyika, tizigona m'galimoto momwemo. Vuto ndi loti nditangoikweza camperyo, kumbuyo kwa galimoto kwatsika. Anzanga akuti ndiike ma air bag, ndikweze galimoto, ndigulenso matayala akuluakulu. Ndikufunanso firiji, sola, thanki ya madzi ya malita 120 ndi bull bar. Ndalama zilipo koma si zambiri. Ndiyambire pati? Nanga galimotoyi ikafika?"

Ikafika achimwene, mtima m'malo. Kutsika kumbuyoko si kuti mwaononga chilichonse. Masipuling'i amene double cab imatuluka nawo ku fakitale anawapanga kuti munthu asamadumphedumphe pamene galimoto ilibe katundu, ndiye mukaisenzetsa chinthu cholemera chimene sichitsikanso, imagwada ndithu. Zimakonzeka, ndipo si zodula monga anzanuwo akukuopsezerani. Koma musanapite kusitolo iliyonse, pitani kaye ku sikelo.

Ndikunena sikelo yoyezera galimoto yonse, ija imapezeka kwa ogula zitsulo zakale, kotayira zinyalala kwa khonsolo kapena kumadepoti a malole. Ku Joni n'zosasowa. Dzazani thanki ya dizilo, camper ili pomwepo, inu muli pampando, muyeze katatu: mawilo akutsogolo okha, akumbuyo okha, kenako galimoto yonse. Mukatero yang'anani pa disiki ya layisensi imene ili pagalasi lakutsogolo. Pali nambala yolembedwa GVM, ndiko kulemera kumene galimotoyo siyenera kupitirira ikasenza zonse, anthu ndi mafuta omwe. Pakachitsulo kamene kopanga galimoto anakhomerapo, kapena m'buku la galimoto, mupezanso malire a ekiselo iliyonse payokha. Chotsani zimene sikelo yakuuzani pa GVM. Chotsalacho ndiye chuma chanu chenicheni pa ntchito yonseyi, kuposa ndalama za m'thumba, chifukwa chinthu chilichonse chimene mugule mudzachilipira kawiri, poyamba ndi ma rand, kenako ndi makilogalamu.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone mmene zimathera msanga. Tingoyerekeza kuti galimoto yanu ikakhala yopanda kanthu imaloledwa kusenza makilogalamu 900. Yanuyo mwina isiyana pang'ono, n'chifukwa chake ndati mukayeze. Inu, mayi ndi ana awiri, tiike 230. Camper ya aluminiyamu ya mtundu mwafotokozawo, ndi matiresi ndi tizitsulo take, sichepera 200, tiike 230. Tafika kale 460, theka lapita. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki yanu ija ndi 120, osawerengera thankiyo. Firiji ndi zakudya zake 45. Batire ndi sola 35. Madirowa osungiramo zinthu 60. Silinda ya gasi ndi chitofu 20. Tayala la sipeya lachiwiri 35. Jeke, masipanala, chingwe chokokera ndi kompulesa 30. Bull bar 60 kapena kuposa. Zovala, zofunda, mipando, tebulo ndi mapoto, enanso 60. Mukaphatikiza mupeza 925. Mwadutsa kale malire, ndipo simunakweze ngakhale paketi imodzi ya shuga ya agogo.

Apa ndiye pamene ife a ku Malawi timasiyana ndi azungu amene mumawaona m'magazini a maulendo. Iwo akamapita kutchire amanyamula za iwo okha. Inu mukupita kumudzi pa Khirisimasi patapita nthawi, ndipo ndikudziwa kuti mafoni ayamba kale kulira: mabulangete, mafuta ophikira, njinga ya mphwanu, mwina ndi kasipika ka alamu. Palibe wa ku Joni amafika kwawo chimanjamanja. Choncho powerengera, siyani malo a makilogalamu 100 a katundu wa abale, kapena gwirizanani ndi mayi kuti katunduyo atsogole ndi amatransipota amene amanyamula za anthu kupita ku Blantyre. Ine ndimalangiza chachiwirichi. Mtengo wa transipota ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wowongola chassis, chimango chachitsulo chapansi chimene galimoto yonse imakhalapo.

Nkhani ya chassis ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene ndaonapo ikuliza anthu. Pa double cab, mawilo akumbuyo ali pafupi kwambiri ndi kebini, ndipo gawo lalikulu la bodi yonyamulira katundu lili kuseri kwa mawilowo. Chilichonse cholemera chimene mwaika kumapeto kwenikweni chimakhala ngati thumba la chimanga lomangidwa kunsonga kwa kaliyala wa kabaza: kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayandama, ndipo pakati ndi pamene pamamva ululu. Galimoto ikamenya dzenje pa liwiro, mphamvu ija imachulukirachulukira, ndipo chassis imapindika kapena kung'aluka pamalo amodzimodzi, pakati pa kebini ndi bodi. Ambiri amene zinawachitikira sanali atapyola GVM kwenikweni. Anangoika zolemera malo olakwika: matayala awiri a sipeya pachitseko chakumbuyo, zigubu za dizilo pambali pake, kenako bokosi la zitsulo pa tow bar.

Ndiye lamulo la kalongedzedwe n'losavuta. Madzi, batire ndi zitsulo zikhale pansi, kutsogolo kwa bodi, kutsamira kebini. Firiji ikhale pamwamba pa mawilo kapena kutsogolo kwake. Kumapeto kuzikhala zopepuka monga mipando, zofunda ndi ndiwo zamasamba. Padenga pasakhale kanthu kupatula sola. Denga lotukukalo limadalira timipope tiwiri ta gasi kuti likwere, ndipo mukalisenzetsa katundu mudzalimbana nalo usiku uliwonse, komanso galimoto yolemera kumutu imapendama pamakona.

Tsopano ma air bag amene anzanu akukuuzani, matumba a labala opopa mpweya oikidwa kumbuyo kuti athandize masipuling'i, osati aja a chitetezo a m'kebini. Sindikuti ndi oipa. Amathandiza munthu amene lero wanyamula, mawa alibe kanthu, chifukwa amangoonjezera kapena kuchotsa mpweya. Koma taganizirani pamene amakhala. Sipuling'i ya mapepala imagwira chassis malo awiri otalikirana, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kulemera kumagawanika. Air bag imakankha malo amodzi, pamwamba penipeni pa ekiselo, pamene kopanga galimoto sanakonze kuti pazisenza katundu tsiku lonse. Munthu akaona kumbuyo kwatsika amangopopa mpweya wambiri, galimoto n'kuoneka yowongoka, iye n'kuganiza kuti vuto latha, chonsecho wangolibisa. Popeza camper yanu ikhala pagalimoto nthawi zonse, chofunika ndi masipuling'i akumbuyo opangidwira katundu wokhazikika. Ogulitsa amakufunsani kuti katundu wosatsika ndi makilogalamu angati, 200, 300 kapena 400, ndipo yankho lake ndi la kusikelo kuja, osati longoganizira. Mukagula olimba kupyola muyezo, ana adzakhala akulumpha kumpando wakumbuyo ndipo mabawuti a camper adzamasuka okha. Pamodzi ndi masipuling'iwo sinthani ma shock onse anayi, chifukwa pamsewu wa mabampu shock yotopa imatentha n'kusiya kugwira, galimoto n'kumayenda ngati bwato.

Chinthu chimodzi chimene ogulitsa ena sanena: masipuling'i olimba sasintha GVM. Mabuleki ndi omwewo, ekiselo ndi yomweyo, ma bearing ndi omwewo, ndipo papepala nambala ndi yomweyo. Mukachita ngozi galimoto ili yopyola malire, a inshuwalansi ali ndi poyambira kukana kulipira.

Zokweza galimoto, masipuling'i atsopanowo adzaikweza okha pang'ono, mamilimita 40 kapena 50, ndipo n'zokwanira. Kupitirira apo, ngati ndi 4x4, ma CV, mfundo zopereka mphamvu ku mawilo akutsogolo, amayamba kugwira ntchito atapendekeka n'kumatha msanga, ndipo mwakweza m'mwamba galimoto imene ili kale ndi nyumba pamsana. Mukadzafika pamakona a Chiweta kapena mukamadzatsika Golomoti kulowera ku Mangochi, mudzandithokoza. Mukadzafuna kukwera ku Livingstonia kudzera msewu wa Gorodi, uja wa makona opindika ngati chigongono kuchokera ku Chitimba, kutalika kwa galimoto mudzakumva m'mimba.

Matayala akuluakulu asiyeni. Amaoneka bwino pachithunzi, koma amalemetsa galimoto ponyamuka, amaonjezera dizilo, amatalikitsa mtunda woimira, ndipo speedometer imayamba kunama, kuonetsa liwiro lochepa pamene mukuthamanga kwambiri. Apolisi apamsewu a ku Zimbabwe ndi ku Mozambique sadzamva zoti ndi matayala. Chachikulu n'chakuti tayala la saizi yachilendo likaphulika ku Rumphi, mudzadikira kuti lichokere ku Lilongwe, mwinanso osapezeka. Khalani pa saizi imene galimoto inabwera nayo, koma gulani amtundu wa all terrain olembedwa LT, amene m'mbali mwake ndi molimba. Yang'anani kanambala kotsatira saizi: 112 ndiye kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 1,120, pamene 120 ndi makilogalamu 1,400. Mukayeza ekiselo yakumbuyo mudzadziwa ngati amene muli nawowo akukwanira. Onaninso chaka chimene anapangidwa, manambala anayi aja m'mbali, awiri a sabata awiri a chaka. Tayala la zaka zoposa 5 kapena 6, ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano, musalidalire pa phula lotentha la ku Tete mu December. Sipeya yachiwiri, ngati kulemera kwavuta, nyamulani tayala lokha lopanda rimu. Wokonza matayala sasowa pa trading centre iliyonse. Kompulesa yaing'ono, geji ya mpweya ndi timaplagi tomatira pankicha, izi zokha musasiye.

Bull bar ndingaichotse pamndandanda chaka chino. Ndikudziwa chifukwa chake mukuifuna, abulu ndi ng'ombe za pakati pa Beitbridge ndi Masvingo, mbuzi ndi njinga za pa M1 kwathu. Koma mankhwala a zimenezo ndi kusayenda usiku, ndipo ndi aulere. Chitsulo cha makilogalamu 60 chopachikidwa kutsogolo kwa mawilo chimafunanso masipuling'i akutsogolo ena, ndipo chowotcherera kwa amisiri a m'mbali mwa msewu chingasokoneze ma air bag a chitetezo a m'kebini. Ndalama imeneyo ipite ku mabuleki. Sinthani ma pad ngati atha theka, ndipo brake fluid ngati yatha zaka 2 itayidwe, chifukwa imamwa chinyezi ndipo pamtsetse wautali imawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Potsika phiri gwiritsani giya yotsika, injini ikugwireni.

Tibwere ku magetsi, kumene anthu amataya ndalama zambiri chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma, paja pusi anagwa chagada. Yambani ndi funso loti mukufuna kuyatsa chiyani. Kwa banja ngati lanu ndi firiji, magetsi owunikira a LED, kutchaja mafoni, mwina ndi kafani. Firiji ya kompulesa ya 12V, ya malita 50 kapena 60, imadya pakati pa 30 ndi 50 Ah patsiku (Ah ndi muyeso wa magetsi osungidwa m'batire), ndipo kukatentha ngati ku Tete, ku Chikwawa kapena kunyanja, ana n'kumatsegulatsegula, imadya kuposa apo. Musagule timafiriji totchipa tija topanda kompulesa, timangoziziritsa pang'ono poyerekeza ndi kunja, nyama idzaola.

Firiji isamadye batire yolizira injini. Pafunika yachiwiri. Ya AGM ya 100 Ah imalemera pafupifupi makilogalamu 30 ndipo mukaitsitsa kupitirira theka kawirikawiri imafa msanga, ndiye kwenikweni muli ndi 50 Ah. Ya lithium, mtundu wa LiFePO4, ya 100 Ah yomweyo imalemera cha m'ma 12 kapena 13 ndipo imakupatsani 80 mpaka 90 Ah. Ndi yodula pogula, koma pa galimoto imene tikuwerenga kilogalamu iliyonse, ine ndimasankha lithium. Ikhale m'camper, osati mu injini, chifukwa sigwirizana ndi kutentha. Pakati pa alternator ndi batire yachiwiri ikani DC-DC charger, kachipangizo kotchaja batire yachiwiriyo galimoto ikamayenda. Galimoto zatsopanozi alternator yake imatsitsa mphamvu ikaona kuti batire yoyamba yadzaza, ndipo ka relay kakale kongolumikiza mabatire awiri sikadzazitsa batire yachiwiri. Charger ya 25A imadzaza 100 Ah pa maola 4 kapena 5 mukuyenda, ndiye masiku a ulendo wautali simudzasowa magetsi ngakhale popanda sola. Sola imagwira ntchito mukaima masiku angapo malo amodzi. Ya 150W kapena 200W ikukwanirani, ndipo ma charger ambiri a DC-DC ali kale ndi polowetsa sola. Kumbukirani kuti December ndi mitambo, komanso kunyanja mudzafuna kuimika galimoto pamthunzi wa mtengo pamene sola ikufuna dzuwa. Pachifukwa chimenechi ambiri amakonda sola yopinda yokhala ndi chingwe chachitali, galimoto pamthunzi, sola padzuwa, bola wina aziiyang'anira.

Za ketulo yamagetsi, ayironi kapena hotplate pa inverter, iwalani. Ketulo ya 2,000W imakoka ma amp oposa 160 pa batire ya 12V. Tiyi ndi wa pagasi.

Mawaya ndiye ndikupemphani, musalumikize nokha ngati si ntchito yanu, ndipo musapatse mnyamata wa ma radio. Ma camper ambiri amene ndawaona atapsa, moto unayambira pa waya wopyapyala kapena wopanda fyuzi amene anakhuzika pachitsulo mpaka kusupuka. Waya wochokera kutsogolo kupita kumbuyo akhale wonenepa mokwanira, adutse m'paipi yomuteteza, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire iliyonse, mbali zonse ziwiri. Popeza camper yanu ndi yogula kwa munthu, auto electrician ayang'anenso zimene mwini wake wakale analumikiza, chifukwa kuseri kwa mapanelo kumabisala zodabwitsa. Kanthu kena kakang'ono: mapulagi a ku Joni ndi a mano ozungulira, kwathu ndi a mano atatu amakona ngati a ku Britain. Adaputa ikhale m'galimoto, kuti pamalo ogona pamene pali magetsi a ESCOM muzitchajako.

Madzi malita 120 ndi ambiri. Kumeneko n'kuganiza kwa munthu wopita ku Kalahari kapena ku Kaokoland ku Namibia, kumene mungayende masiku osaona mpopi. Kwathu mjigo uli pafupifupi mudzi uliwonse, ndipo malo ogona alendo ku Cape Maclear, Senga Bay, Kande, Nkhata Bay ndi Chitimba ali ndi mabafa. Thanki ya malita 50 kapena 60, yopyapyala, yoimirira kutsamira kebini, ndi chigubu chimodzi cha malita 20 chopita nacho kumjigo, basi. Mwapulumutsa makilogalamu 40 kapena 50 pomwepo. Pamjigo pemphani kaye kwa amayi amene mwawapeza, ndipo ngati pali komiti siyani kangachepe ka zokonzetsera. Madzi akumwa a ana muziwiritsa kapena kuthira klorini, mimba zawo ndi za ku Joni. Madzi a m'nyanja musathire m'thanki, ndipo posambira pewani malo a bango ndi madzi odikha chifukwa cha likodzo.

Gasi ndi moto, apa ndilankhule mosapsatira. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi n'kudikirira kamoto. Silinda ikhale panja pa camper kapena m'kabokosi kake kokhala ndi bowo pansi, yoimirira, yomangidwa, ndipo muzitseka pa silinda pomwe mukatha kuphika. Ngati mukufuna mapaipi a gasi okhazikika, ku South Africa ntchito imeneyo imafuna mmisiri wolembetsedwa amene amapereka setifiketi, ndipo a inshuwalansi amaifunsa. Chophweka ndi chitofu chonyamula, kuphikira panja pansi pa awning. Ku Nyika n'kokwera mamita oposa 2,000, usiku kumazizira ngakhale nthawi ya dzinja, ndipo mu June ndi July kumagwa chisanu. Mayesero olowetsa mbaula ya makala kapena kuyatsa chitofu kuti muothe amabwera. Musayerekeze. Utsi wa makala umene umapha sununkha ndipo suoneka, munthu amangogona osadzukanso, ana ndiwo amayamba. Bulangete lina ndi botolo la madzi otentha n'zokwanira. Gulani ka alamu ka carbon monoxide koyendera mabatire ang'onoang'ono, ndi chozimitsira moto chimene mungachifikire muli panja.

Simunafunse za kagonedwe, koma bedi la m'mwambalo ndi la anthu awiri. Ana mudzawaika pati? Ngati ndi aang'ono, pangani thabwa lopindika pamwamba pa madirowa kuti agone pansi pa inu, m'camper momwemo. Ndi bwino kuposa tenti yapansi mukadzagona ku Liwonde kapena ku Majete, kumene njovu ndi mvuu sizidziwa malire a msasa. Madirowawo apangidwe ndi plywood yopyapyala kapena aluminiyamu, osati chipboard, imene imalemera ndipo ikanyowa imafufuma. Ambiri amangogwiritsa mabokosi apulasitiki omangidwa ndi malamba, ndipo zimayenda. Galimoto ikamayenda, munthu aliyense akhale m'kebini atamanga lamba. M'camper simokwera anthu, ngakhale abale akumudzi atapempha lifiti yopita kumsika.

Tsegulani denga lija masana, mulowe, muyang'ane kumene kuwala kukulowera. Paliponse pamene neti yang'ambika, udzudzu upapeza. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye ana obadwira kumeneko alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ndipo inunso ndi mayi ngati mwakhalako zaka, chija munali nacho chinachepa. Mukupita nthawi ya mvula, kunyanja. Kaonaneni ndi dokotala masabata angapo musananyamuke kuti akupatseni mankhwala oteteza oyenera msinkhu wa mwana aliyense. Wina akatentha thupi paulendo, kapena patapita masabata mutabwerera ku Joni, akayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo muuze adokotala kumene munapita. Neti ya mabowo ang'onoang'ono imathandizanso ku nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi cha ku Nkhata Bay. Magetsi apanja akhale ofiirira, oyera amaitana chilichonse chouluka.

Fumbi ndi mvula zimalowera malo amodzi. Galimoto ikamathamanga, kumbuyo kumayamwa fumbi kudzera m'mipata ya chitseko ndi m'makona a bodi. Matani mipatayo ndi labala, ndipo ikani kaventi koyang'ana kutsogolo kuti mpweya woyera uzilowa n'kumakankhira fumbi kunja. Muyeseni camperyo ndi paipi ya madzi musanapite. Tenti ikanyowa ndipo mwaipinda choncho, itseguleni tsiku lomwelo mukafika, apo ayi idzachita nkhungu yakuda ndi fungo losatha.

Dizilo: kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita opitirira 1,700, ndipo ndi camper galimoto idzamwa kuposa mmene munazolowera. Kwathu mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi zaka zapitazi, ndipo zikavuta ma filling station ambiri amakana kuthira m'zigubu. Dzazani ku Tete musanalowe, ndipo mukakhala m'Malawi thanki ikafika theka thirani pamene mwawapeza. Thanki yaikulu yolowa m'malo mwa ya fakitale ndi yabwino kuposa zigubu chifukwa imakhala pansi, pakati pa mawilo, koma ndi yodula ndipo nayo ndi makilogalamu; ingadikire chaka china. Nyamulani fyuluta ya dizilo yapadera, ndipo mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu injini ya common rail ngati yanuyi sigwirizana nawo. Popita ku Nyika dzazani ku Mzuzu kapena ku Rumphi. Kuchokera ku Rumphi kudzera pageti la Thazima kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu ndi yadothi, ndipo mvula ikagwa kumaterera. Simunanene ngati Hilux yanu ndi 4x4. Ngati si 4x4, ulendo wa ku Nyika usungireni chilimwe, December uno mukathere kunyanja ndi ku Zomba.

Mapepala ndingodutsamo mwachangu. Mufunika pepala la umwini wa galimoto, kalata ya banki yololeza kutuluka nayo ngati mukulipirabe ngongole, kalata ya inshuwalansi yotchula mayiko amene mudutsemo, ndi sitika ya ZA. Paboda lililonse mudzatenga TIP, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndi inshuwalansi ya third party. Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, koma Mozambique si membala wa COMESA, ndiye kumeneko konzekerani kugula yapadera. Matrayango awiri, ma reflector jacket, chozimitsira moto, ndi timareflekita toyera kutsogolo tofiira kumbuyo, zikhale pafupi. Camper isaphimbe nambala kapena magetsi akumbuyo. Auzeni a inshuwalansi anu za camper ndi zonse mwaonjezera, molemba. Malamulo ndi mitengo ya paboda zimasinthasintha, choncho funsani a MRA ndi a AA (Automobile Association, bungwe la oyendetsa galimoto) ku South Africa mwezi womwe mukunyamukawo. Pa M1 pali ma toll gate pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, sungani makwacha apafupi.

Ndiye ndalama zanu ziyende motere: sikelo poyamba, kenako sevisi yonse ndi mabuleki, masipuling'i ndi ma shock, matayala, batire ndi charger ndi firiji, kenako thanki yaing'ono ya madzi. Sola ibwere ngati kwatsala kanthu. Zikatha, longedzani ndendende ngati mukupita kumudzi, nonse anayi mukwere, mubwererenso kusikelo. Mukatero kagoneni masiku awiri pafupi, ku Magaliesberg kapena ku Pilanesberg, mudutseko msewu wafumbi. Kumeneko ndi kumene mayi adzakuuzeni kuti firiji yakhala potalika, ndipo mudzaona zinthu zimene mwanyamula koma simunazikhudze.

Mukabwerako mangitsaninso mabawuti onse ogwira camper ku bodi, ndi ma U-bolt a masipuling'i atsopano, chifukwa amakhazikika akayenda makilomita oyamba. Paulendo weniweniwo muziwayang'ana m'mawa uliwonse pamodzi ndi mpweya wa matayala. Yang'ananinso mpata wa pakati pa kebini ndi bodi, mbali zonse ziwiri. Ujambuleni pafoni musananyamuke kuti mukhale ndi poyerekezera. Mukaona kuti mpatawo wakula kumwamba, penti yasweka pa chassis, chiwongolero chayamba kupepuka, kapena galimoto ikuyendera mbali imodzi, imani, tsitsani katundu, ndipo ipite kwa amene amadziwa za chassis, osati kwa wowotcherera mageti. Chassis yowotchereredwa molakwika imadzathyokera pambali pa chowotchereracho. Ngati chizindikiro chotere chaoneka mukadali ku Polokwane kapena ku Musina, konzetsani komweko musanawoloke Limpopo, chifukwa zipangizo ndi amisiri ake n'zosavuta kupeza mbali imeneyo kusiyana ndi pakati pa Nyamapanda ndi Tete.